Kutsogolera ophunzira olemba mu insaikulopediya ya pa intaneti: gwero, kuyenera kwa nkhani ndi kuba mawu

Pa bwalo la mfumu, munthu akaimirira kuti apereke umboni, nduna sizisamala za kukoma kwa pakamwa pake. Zimayamba ndi funso lakuti: “Kodi zimenezi munaziona ndi maso anu kapena munacita kumva? Ngati munamva, munamva kwa yani?” Mboni ikayamba kulowetsa nkhani ya mbuzi pa mlandu wa malire a munda, imauzidwa kuti ibwerere pa mutu. Ndipo ikapezeka kuti ikungobwereza mawu amene wina anaipangira usiku, umboni wake umatayidwa. Nkhani zitatu zimenezi, ya gwero, ya kuyenera kwa zonenedwa ndi ya umwini wa mawu, ndizo zimene mphunzitsi amakumana nazo akamatsogolera ophunzira kulemba mu insaikulopediya ya pa intaneti. Cipangizo n’catsopano, koma mwambo wake ana athu anauona kale pansi pa mtengo wa kacere.

M’mutu uno tikufuna kuti inu, aphunzitsi a mawa a maphunziro a zilankhulo ziwiri, mumvetse malamulo atatu amenewa, mudziwe cifukwa cake alipo, ndiponso mupeze njira yowaphunzitsira m’Cinyanja, ngakhale pa sukulu pamene pali foni imodzi yokha yolowera pa intaneti.

Cifukwa cake nchitoyi ikutikhudza

Insaikulopediya ndi buku losonkhanitsa cidziwitso ca mitu yosiyanasiyana, mutu uliwonse pa malo ake, mwacidule ndiponso mosakondera. Yodziwika kwambiri pa intaneti ndi Wikipedia, imene Jimmy Wales ndi Larry Sanger anaiyambitsa mu Januwale 2001. Imalembedwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo aliyense angathe kuwonjezeramo kapena kukonza zimene wina walemba. Ili m’zilankhulo zoposa 300. Ya Cipwitikizi inafika pa nkhani miliyoni imodzi mu 2018. Ya cilankhulo cathu iliponso, pa dzina lakuti Chichewa, koma nkhani zake n’zocepa zedi ndipo zambiri n’zazifupi.

Cinyanja cinali cimodzi mwa zilankhulo ziwiri zoyamba kuyesedwa m’kalasi m’dziko muno, pamene nchito ya PEBIMO inkacitika ku Tete ndi ku Gaza kuyambira 1993 mpaka 1997. Kucokera mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri afalikira m’zigawo zambiri, ndipo ndime 9 ya Malamulo Aakulu a dziko imanena kuti zilankhulo zathu ndi cuma ca cikhalidwe ndi ca maphunziro. Komabe aliyense amene anaphunzitsapo kalasi yotere akulidziwa dandaulo losatha: mwana akamaliza buku la kalasi, alibe cina cowerenga m’cilankhulo cake. Nkhani yaifupi yolembedwa bwino yokhudza mtsinje wa Zambezi, malungo kapena ulimi wa mbatatesi ingawerengedwe ku Ulónguè, ku Metangula, ku Milange, ngakhalenso ku Dedza ndi ku Katete, popanda kudikira galimoto yobweretsa mabuku.

Pali ngozi imene tiyenera kuiona poyambirira. Mu Wikipedia yaikulu, colakwa cimakonzedwa msanga cifukwa maso oyang’ana ndi ambiri. Mu yaing’ono, colakwa cingakhale zaka popanda wocikhudza. Mu 2020 kunadziwika kuti nkhani zikwizikwi za mu Wikipedia ya Scots, cilankhulo ca ku Scotland, zinalembedwa ndi mnyamata wa ku America amene sankacidziwa cilankhuloco. Iye ankatenga ziganizo za Cingerezi n’kumasinthamo mawu. Colinga cake sicinali coipa, koma eni cilankhulo anatsala ndi mulu wa zolemba zimene sizinali zawo. Nkhokwe yathu ikali yaing’ono, ndipo cimanga cowola cikalowamo cidzaoneka ngati ndico Cinyanja ceniceni. N’cifukwa cake mphunzitsi sangangouza ana kuti “lembani” iye n’kukhala pambali.

Gwero: wamva kwa yani?

Lamulo loyamba ndi lakuti cinthu ciliconse colembedwa cikhale cotheka kucitsimikizira. Ophunzira amadabwa akamva kuti kukhala coona kokha sikukwanira. Wowerenga sakumudziwa wolemba, sakuona nkhope yake, ndipo sangamufunse. Cimene angadalire ndi njira imene wolembayo wamusiyira kuti akadzionere yekha: buku lakuti, tsamba lakuti, caka cakuti. Njira imeneyi ndiyo timaicha gwero.

Magwero salingana mphamvu. Olimba ndi amene anadutsa m’manja mwa anthu ena asanafalitsidwe: mabuku a akatswiri, zofufuza za m’mayunivesite, zikalata za boma monga Boletim da República, zotsatira za kalembera wa anthu wa 2017 zimene Instituto Nacional de Estatística linatulutsa, madikishonale, ndiponso nyuzipepala ndi mawayilesi okhala ndi akonzi. Ofooka ndi uthenga wa pa WhatsApp, zolemba za pa Facebook ndi mapepala osadziwika mwini wake. Pakati pa magulu awiriwa pali zolemba za munthu kapena bungwe lodzifotokoza lokha. Kapepala ka kampani kangatiuze caka cimene kampaniyo inatsegulidwa, koma sikangakhale umboni wakuti ndiyo yabwino koposa, pakuti fisi sakhala mboni pa mlandu wa mbuzi.

Timalangiza kuti mafunso anayi alembedwe pa khoma la kalasi, ndipo gwero lililonse liyesedwe nawo. Walemba ndani? Analemba liti? Anazidziwa bwanji? Apindula ciyani tikamukhulupirira? Funso laciwiri n’lofunika kwambiri pa manambala. Ciwerengero ca anthu a m’boma la Angónia ca mu 2007 si ca mu 2017, ndipo wolemba ayenera kuchula caka pafupi ndi nambala. Funso lacinayi limathandiza ana okulirapo kuzindikira kuti buku la mbiri lolembedwa ndi mtsamunda lingakhale ndi masiku olondola koma maganizo opotoka pa za makolo athu. Buku lotero silitayidwa. Limawerengedwa ndi maso awiri, n’kuliyerekeza ndi lina.

Wikipedia yeniyeniyo si gwero. Ana ambiri amaona kuti zimenezi n’zosamveka, conco ndi bwino kuwasimbira zimene zinacitika ku Germany mu 2009. Karl-Theodor zu Guttenberg atasankhidwa kukhala nduna ya zacuma, munthu wina anawonjezera dzina labodza lakuti Wilhelm pa mndandanda wa maina ake mu Wikipedia. Atolankhani analikopera osafufuza. Olemba ena atakayikira dzinalo, nyuzipepala zomwezo zinachulidwa ngati umboni wakuti n’loona. Bodza linazungulira n’kubwerera kwa mwini wake litavala jekete. Wophunzira aziwerenga Wikipedia ya Cipwitikizi ngati cikwangwani colozera njira: atsike kumunsi kwa tsamba, aone magwero ochulidwa, ndipo awafunefune iwowo.

Cenjezo lomweli likhudzanso mapulogalamu a kompyuta amene amayankha mafunso ndi kulemba nkhani okha. Amalemba mosadodoma, koma nthawi zina amapeka maina a mabuku amene kulibe. Lamulo la m’kalasi likhale losavuta: usachule buku limene sunalitsegule ndi manja ako kapena kuliona ndi maso ako.

Wophunzira azilemba m’kope lake zinthu zisanu nthawi yomweyo imene wapeza mfundo: dzina la wolemba, mutu wa buku, caka, wofalitsa ndi nambala ya tsamba. Tinaonapo gulu la aphunzitsi ophunzira likutaya masana onse kufunafuna kumene linatenga nambala imodzi, cifukwa linati lidzalemba gwero pomaliza.

Nanga zimene agogo amadziwa?

Apa ndi pamene mphunzitsi wa cilankhulo ca makolo amamva kuwawa. Wikipedia salola kuti munthu alembe zofufuza zake zimene sizinafalitsidwe kwina. Tsono mbiri ya mudzi, maina a mitengo ya mankhwala, tanthauzo la dzina la phiri ndi mndandanda wa mafumu, zambiri mwa izi zili m’mitu ya akuluakulu ndipo palibe buku limene linazilemba. Mwana akabwera ndi zimene agogo ake amuuza, ife n’kumuyankha kuti zilibe gwero, angamve ngati tikuti agogowo ndi abodza, kapena kuti nzeru imakhala yeniyeni pokhapokha ikalembedwa m’Cipwitikizi. Tikatero tagwetsa ndi dzanja limodzi cimene maphunziro a zilankhulo ziwiri akumanga ndi dzanja lina.

Njira yabwino ndiyo kukhala ndi nkhokwe ziwiri. Yoyamba ndi buku la sukulu la nzeru za kwathu, limene likugwirizana ndi gawo la maphunziro a m’dera, lija lopatsidwa magawo 20 pa 100 alionse a nthawi yophunzira. M’buku limeneli agogo ndi gwero lolemekezeka, ndipo amachulidwa mwadongosolo: anafotokoza ndani, ali kuti, tsiku liti, anamva kwa yani iwowo, ndipo kodi alola kuti dzina lawo lilembedwe. Yaciwiri ndi insaikulopediya ya pa intaneti, imene imalandira zokhazo zofalitsidwa kale. Timawauza ana kuti lamulo la nkhokwe yaciwiriyi silikunyoza agogo. Likungovomereza kuti wowerenga wa kutali sangathe kupita kukawafunsa. Zimene zasungidwa bwino m’buku la sukulu zingadzatengedwe ndi wofufuza kapena wayilesi ya m’dera, zikafalitsidwe, ndipo pamenepo zidzakhala gwero kwa onse. Umu ndi mmene Mbiri ya Achewa ya Samuel Josia Ntara inabadwira: zimene zinali pakamwa zinalowa m’buku, ndipo lero timatha kulichula.

Palinso zinthu zimene siziyenera kulowa m’nkhokwe iliyonse mwa ziwirizi. Gule Wamkulu analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kuti ndi cuma ca anthu onse, m’dzina la Mozambiki, Malawi ndi Zambia, ndipo ndi mutu woyenera tsamba lake. Koma zimene zimaoneka pa bwalo n’zosiyana ndi za kudambwe, monganso za kucinamwali zili ndi eni ake. Wophunzira wovinidwa asakakamizidwe kuulula, ndipo wosavinidwa asalembe mphekesera. Mphunzitsi akumbukire kuti tsamba lililonse la Wikipedia limasunga mbiri ya zosintha zake, moti mawu ofufutidwa lero angathe kupezekabe m’mbiriyo. Cinsinsi cikatuluka pa intaneti sicibwerera m’thumba.

Kuyenera kwa nkhani

Funso la kuyenera lili pawiri. Coyamba, kodi mutu uwu ukuyenera kukhala ndi tsamba lakelake? Caciwiri, kodi ciganizo ici cikuyenera kukhala pa tsamba limeneli?

Mukawapatsa ana ufulu wosankha mutu, ambiri adzafuna kulemba za amalume awo odziwa kulima, za timu ya mpira ya m’mudzi kapena za woimba wa pamsika. Mtima umenewu ndi wabwino, ndipo suyenera kuphedwa. Koma muyeso wa insaikulopediya ndi wakuti: kodi anthu ena, osakhala abale kapena anzake a mwini nkhani, analembapo za mutuwu mozama m’magwero odalirika? Ngati dzina langochulidwa kamodzi pa mndandanda, sikokwanira. Cifukwa ca muyesowu n’cogwirizana ndi lamulo loyamba lija: popanda magwero oima paokha, palibe cotsimikizira nkhaniyo, ndipo tsamba limasanduka citamando kapena malonda. Tiziwafotokozera ana momveka kuti kusayenera tsamba sikutanthauza kupanda pake. Amalume aja ndi ofunika, ndipo malo awo ali m’buku la sukulu kapena pa nyuzipepala ya pakhoma.

Mitu yoyambira yabwino ndi imene ili ndi magwero pafupi ndiponso yosowa m’Cinyanja: maboma monga Tsangano, Macanga, Chifunde ndi Lago, mitsinje monga Zambezi ndi Revúbuè, mbewu monga cimanga, nyemba ndi mbatatesi, nsomba monga usipa ndi cambo, ndiponso mitu ya m’mabuku a sayansi, monga kayendedwe ka madzi m’cilengedwe. Ndi bwinonso kuyamba ndi kukulitsa nkhani imene ilipo kale, kusiyana ndi kutsegula tsamba latsopano. Nkhani za matenda zimafuna cisamaliro capadera, pakuti wowerenga angazitsatire. Pa izi tigwiritse nchito zolemba za Unduna wa Zaumoyo kapena za bungwe la zaumoyo la dziko lonse, ndipo tisalembe milingo ya mankhwala.

Pa funso laciwiri, mwana aphunzire kusefa. Pa tsamba la tauni ya Ulónguè payenera kukhala malo ake, mbiri yake, ciwerengero ca anthu ndi nchito zimene anthu amagwira. Mtengo wa matimati wa sabata ino suyenera kukhalapo, cifukwa mawa usintha. Mawu otamanda monga “wokongola koposa” kapena “wochuka dziko lonse” acotsedwe, ndipo m’malo mwake mulowe mfundo yooneka. Pamene anthu amasiyana maganizo, wolemba afotokoze mbali zonse ndi kuchula mwini wa ganizo lililonse. Nyanja yathu ndi citsanzo cabwino ca phunziroli. Kuno timati Niassa, ku Malawi amati Malawi, ku Tanzania amati Nyasa. Wolemba wabwino sasankha dzina limodzi n’kunyoza enawo. Amachula onse atatu ndi kunena kumene lililonse limagwiritsidwa nchito.

Za anthu amoyo tikhale okhwima kwambiri. Mu 2005 munthu wina analemba mu Wikipedia ya Cingerezi kuti mtolankhani wa ku America, John Seigenthaler, anaganiziridwapo kuti anakhudzidwa ndi kuphedwa kwa John ndi Robert Kennedy. Linali bodza, ndipo linakhala pa tsambalo pafupifupi miyezi inayi. Kucokera pamenepo malamulo okhudza anthu amoyo anakhwimitsidwa. M’dera laling’ono, mmene aliyense amadziwa mnzake, ciganizo cimodzi conena za ufiti, katangale kapena matenda a munthu cingaononge banja. Ophunzira oyamba kumene asalembe za anthu amoyo.

Kuba mawu

Tisanaloze ana cala, tivomereze mbali yathu. Kwa zaka zambiri mwana amauzidwa kuti akopere za pa bolodi, ndipo amene wakopera popanda kuphonya cilembo ndiye amayamikiridwa. Pa mayeso, amene wabweza mawu a mphunzitsi monga mmene analili ndiye amakhoza. Ndiye tsiku lina timamuuza kuti kukopera ndi kuba. Mwanayo sanasinthe khalidwe. Akucita zimene tinamuphunzitsa. Conco phunziro la kuba mawu liyambe ndi kusiyanitsa nthawi ziwiri: pali nthawi yokopera kuti tisunge, ndipo pali nthawi yolemba kuti tionetse zimene tamvetsa. Kuba mawu ndiko kutenga mawu kapena maganizo a wina n’kuwaonetsa ngati ako.

Cikhalidwe cathu cimadziwa kale kupereka ulemu kwa mwini mawu. Ponena mwambi timayamba ndi “akuluakulu amati”. Wopereka uthenga wa maliro amanena amene wamutuma. Mlendo akayamikira nsima, mayi wa pakhomo amanena ngati ufawo anabwereka. Kuchula gwero ndi ulemu womwewo, wongolembedwa pa pepala.

Kuba mawu kumaoneka m’njira zitatu. Yoyamba ndiyo kukopera ndime yonse. Yaciwiri, imene ana ambiri saiona ngati colakwa, ndiyo kusintha mawu ocepa n’kusiya mafupa a ciganizo ali comweco. Tiyerekeze kuti buku lina lalemba motere: “Damu la Cahora Bassa, limene linayamba kumangidwa mu 1969, linakhala m’manja mwa Apwitikizi kwa zaka zambiri dziko litalandira kale ufulu, kufikira mu 2007 pamene Mozambiki anatenga gawo lalikulu la umwini wake.” Wophunzira wina n’kulemba kuti: “Damu la Cahora Bassa, lomwe anayamba kulimanga mu 1969, linali m’manja mwa Apwitikizi kwa nthawi yaitali dziko litapeza kale ufulu, mpaka mu 2007 pomwe Mozambiki anatenga mbali yaikulu ya umwini wake.” Uyu wangopaka utoto wina pa njinga ya eni. Wina, atawerenga mabuku awiri n’kuwatseka, walemba kuti: “Cahora Bassa ndi damu lopangira magetsi limene lili pa mtsinje wa Zambezi, m’cigawo ca Tete. Nchito yomanga inayamba mu 1969, m’nthawi ya atsamunda. Ufulu unabwera mu 1975, koma kampani yoyendetsa damuli inadzakhala m’manja mwa Mozambiki mu 2007.” Mfundo n’zomwezo, koma kamangidwe ndi kake. Ngakhale zili conco, iyenso ayenera kuchula mabuku awiri aja, pakuti zaka zimenezi sanazilote.

Njira yacitatu ndiyo yoopsa kwa ife a zilankhulo ziwiri: kumasulira ndime ya Cipwitikizi n’kuiika m’Cinyanja popanda kunena. Wophunzira amaona kuti wakhetsa thukuta, ndipo n’zoona, kumasulira ndi nchito. Koma maganizo ndi dongosolo lake ndi za mwini. Apa tisiyanitse zinthu ziwiri zimene zimasokonezedwa. Kuba mawu ndi nkhani ya cilungamo, ndipo mankhwala ake ndi kuchula mwini. Umwini wa zolemba ndi nkhani ya lamulo, ndipo kuchula mwini pakokha sikumasula munthu: sitingamasulire tsamba lathunthu la buku la wina n’kuliika pa intaneti, ngakhale titalemba dzina lake pansi. Zololedwa ndi mawu ocepa, oikidwa m’zizindikiro za mawu a mwini, pamene pali cifukwa cowabwerezera ndendende.

Zolemba za mu Wikipedia zili ndi cilolezo ca Creative Commons cochedwa CC BY-SA, cimene cimalola aliyense kukopera, kusintha ndi kumasulira, malinga achule kumene watenga ndipo alole ena kucita cimodzimodzi ndi nchito yake. Motero kumasulira nkhani ya mu Wikipedia ya Cipwitikizi n’kololedwa, koma womasulira alembe m’kabokosi ka cidule ca zosintha kuti nkhaniyi yamasuliridwa kucokera pa tsamba lakuti. Wophunzira adziwenso kuti zimene iye walemba zikulowa pa cilolezo comweco, ndipo ena adzazisintha popanda kumupempha. Zithunzi nazo zili ndi eni ake. Cithunzi copezeka pa Google sicikhala ca aliyense. Tigwiritse nchito za mu Wikimedia Commons kapena zojambula tokha, ndipo anthu ooneka pa cithunzi ayambe avomera.

Kumasulira kwa makina kumafuna diso lakuthwa. Ciganizo cimatuluka ndi mawu a Cinyanja koma mafupa a cilankhulo cina, ndipo kugwirizana kwa magulu a maina kumasokonekera. Muyeso wathu ndi khutu: wophunzira awerenge mokweza, anzake anene ngati munthu wa kwathu angalankhule conco. Pa kalembedwe, ife timatsata dongosolo limene linayamba kukhazikitsidwa pa msonkhano wa ku Maputo wa 1988, lolemba “c” pamene anzathu a ku Malawi amalemba “ch”. Pa tsamba limene wina analiyamba kale, tisalimbane naye pa zilembo. Titsate kalembedwe kamene talipeza nako, ndipo ngati pali cofunika kukambirana, tipite pa tsamba la zokambirana.

Mphunzitsi amazindikira mawu obedwa mosavuta: ciganizo cimatalika mwadzidzidzi, ndipo mumapezeka mawu amene mwini kope sangawafotokoze. Tikapeza zotere, tisamucititse manyazi pamaso pa anzake. Timuitane, titseke kope, timupemphe kuti atiuze pakamwa zimene ndimeyo ikunena, kenaka alembe zimene wanenazo. Kwa okulirapo tingawonjezere kuti nkhaniyi si ya ana okha. Nduna ya ku Germany ija inatula pansi udindo mu 2011, yunivesite ya Bayreuth italanda digiri yake ya udokotala cifukwa ca ndime zokopera.

Kayendetsedwe ka nchito m’kalasi

Nchito yaikulu imacitika pa pepala, ndipo intaneti imabwera pomaliza. Dongosolo limene taliyesa ndi aphunzitsi ophunzira ndi ili:

1. Gulu la anthu anayi kapena asanu lisankhe mutu, ndipo lionetse magwero awiri oima paokha lisanalembe ciganizo ngakhale cimodzi.
2. Awerenge magwerowo, ambiri adzakhala a Cipwitikizi, n’kulemba mfundo zokhazokha m’mawu awiri kapena atatu, mfundo iliyonse ndi tsamba lake.
3. Atseke mabuku. Mmodzi afotokozere anzake nkhaniyo pakamwa m’Cinyanja. Apa ndi pamene kumvetsa kumaonekera, ndipo mawu a eni amatsalira m’buku.
4. Alembe ziganizo zisanu mpaka khumi. Coyamba cinene kuti cinthuco n’ciyani ndipo cili kuti.
5. Gulu lina likhale bwalo. Pa ciganizo ciliconse lifunse kuti: mwamva kwa yani, cikuyenera pano, ndipo mawuwa ndi anu?
6. Mphunzitsi ayerekeze nkhaniyo ndi magwero, kenaka ilembedwe pa tsamba loyeserera isanaikidwe poyera.

Ana a ku pulayimale asatsegule maakaunti. Nchito yawo ithere pa insaikulopediya ya pakhoma, ndipo nkhani yabwino koposa mphunzitsi angaiike pa intaneti ndi akaunti yake. Ophunzira aakulu akhale ndi akaunti yakeyake aliyense, pakuti akaunti imodzi siyenera kugwiritsidwa nchito ndi gulu, ndipo asalembe dzina lawo lenileni, sukulu yawo kapena nambala ya foni. Wikipedia ya Cipwitikizi, kuyambira mu 2020, imafuna kuti wokonza nkhani akhale wolembetsa.

Popereka malikisi, tisawerenge kutalika kwa nkhani kapena kuculuka kwa masamba, cifukwa tikatero tikuitana kukopera ndi manja athu. Tiyese ubwino wa magwero, kugwirizana kwa ciganizo ndi gwero lake, ndi ukhondo wa Cinyanja. Tisalonjezenso kuti nkhani idzakhala mmene taisiyira. Tsiku lina wophunzira adzabwera nkhope ili gwa, nkhani yake itasinthidwa kapena kufufutidwa ndi munthu amene sakumudziwa. Tikhale naye pansi, titsegule mbiri ya tsambalo, tiwerenge cifukwa cimene caperekedwa, ndipo ngati sitikugwirizana naco, timuthandize kulemba yankho laulemu pa tsamba la zokambirana m’malo mobwezera mawuwo mwamakani. Mutu umodzi susenza denga, ndipo amene wakonza nkhani yathu nthawi zambiri wagwira mbali ina ya denga lomwelo.

Ambiri mwa ana amene mudzawaphunzitse sadzapitiriza kulemba mu insaikulopediya. Koma onse adzalandira mauthenga pa foni onena za mankhwala, za mavoti ndi za anansi awo. Mwana amene anazolowera kufunsa m’cilankhulo cake kuti “wamva kwa yani?” adzalifunsanso funsolo pamenepo, inu kulibe.

Zocita

1. Sankhani boma limodzi la m’cigawo ca Tete kapena ca Niassa. Pezani magwero awiri, muwayese ndi mafunso anayi aja, ndipo mulembe ziganizo zisanu ndi zitatu m’Cinyanja motsata dongosolo lili pamwambali.
2. Wophunzira wa kalasi 6 wabweretsa mbiri ya dzina la mudzi wake, imene agogo ake amuuza. Lembani mawu amene mungamuyankhe, osanyoza agogowo ndiponso osaphwanya lamulo la gwero.
3. M’magulu, tengani ndime imodzi ya m’buku la sayansi la Cipwitikizi. Gulu lina liimasulire liwu ndi liwu, lina liifotokoze buku litatsekedwa. Werengani zonse ziwiri mokweza, ndipo mukambirane kusiyana kwake.